Ndalama Yobwerera Ndinaifupa pa Ukwati

Amayi anzanga, ndi inu abambo ochepa mwakhala kumbuyoko, zikomo pondipatsa mpata. Apampando andipempha kuti ndilankhulepo tisanagawane ndalama zathu za banki m'khonde, poti akuti chaka chatha ena anangolandira lero, mawa lake n'kukazisiya zonse m'mashopu a ku Balaka. Ine si mlangizi iyayi. Ambiri mumangondidziwa kuti ndine amake Shukurani, mayi wa tomato ndi anyezi pa siteji ya maminibasi pano pa Ulongwe. Koma njira imene inandifikitsa pano ndi ochepa akuidziwa. Lero ndinena zonse, ndi zochititsa manyazi zomwe.

Kwathu ndi ku Nsanama. Amuna anga anali Che Twaibu, ochokera ku Ngokwe. Ine Mkhristu, iwo Msilamu, ndipo pa zimenezo sitinakanganepo. Ntchito yawo inali yokonza njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika, moti akabaza onse ankawadziwa. Ankadwala mphumu kuyambira ali mwana. Nyengo yozizira ikafika ankagona chokhala, atatsamira khoma, koma kukacha ankanyamula masipanala awo n'kumapita. Tinali ndi dimba la mpunga, mbuzi zingapo, ndi ana awiri, Shukurani ndi mlongo wake Zione. Nyumba inali yofolera udzu koma yosadontha. Sitinagonepo ndi njala. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti chinandigwetsa ine si umphawi. Anandigwetsa ndi maso angawa.

Pafupi nafe pankakhala Patuma, mnzanga wa paubwana, amene tinkapita naye kumjigo tili atsikana. Mwamuna wake anapita ku Joni. Posakhalitsa nyumba yawo inafoleredwa malata. Kenako kunabwera sola, kenako pulazima, kenako masofa ofiira onyezimira. Patuma sanandinyozepo ngakhale tsiku limodzi. Ankandiitana yekha kuti, "Achemwali, bwerani mudzaonere filimu," n'kundiphikira tiyi wamkaka. Koma ndikamachoka kumeneko ndinkachoka mtima utatupa. Ndikalowa m'nyumba mwanga, mphasa yomwe ndinakhalapo bwinobwino dzulo lake inkandinyansa.

Zinayamba ndi nsalu. Mukudziwa mmene timachitira: ukwati uliwonse ndi yunifomu yake, chinkhoswe yunifomu, kukaona mwana wakhanda yunifomu. Ndinalumbira mumtima kuti sindidzaphonyanso ngakhale imodzi. Kenako meshi ya kumutu. Kenako foni yatachi, poti akazi a amuna a ku Joni anali ndi gulu lawo la pa foni ndipo ine nkhani zinkandipeza zitazizira. Ndalama ya ndiwo imene abambo a Shukurani ankandisiyira ndinkaidula pakati. Mpunga ndinayamba kugulitsa kwa mavenda usanache, uli m'dimba momwemo, pa mtengo woliritsa. Tsiku lina ndinakwera minibasi mpaka ku Balaka, n'kubwerako ndi masofa pa galimoto yahayala, ndalama yake ina ya katapila. Sanakwane n'komwe pabalaza pathu. Imodzi inatsekereza chitseko moti tinkalowa chammbali ngati nkhanu.

Abambo a Shukurani ataweruka anaima pakhomo, manja ali bii ndi girisi, n'kuwayang'ana masofawo nthawi yaitali.

"Amake Shukurani, mipando imeneyi tidya?"

Ine ndinati, "Inu mumangodziwa sipanala basi. Amuna anzanu ali ku Joni."

Mawu amenewo anasanduka ndiwo za tsiku ndi tsiku. Iwo ankangoyankha mofatsa kuti, "Chifuwa changachi mukuchidziwa. Kumeneko akuti kumazizira mpaka madzi kuuma. Ndipirireni pang'ono. Ndikufuna ndidzatsegule kashopu ka masipeyala, tizikwera pang'onopang'ono." Ine ndinkangotsonya.

Chinatsiriza ndi ukwati wina umene tinapitako tonse. Nthawi ya perekaniperekani, wapamaiki anafuula kuti, "Tsopano akazi a ku Joni abwere kutsogolo, tione mmene ndalama imaulukira!" Anzanga anadzuka, Patuma ali pomwepo, akuvina n'kumafupa, anthu akululutira. Ine ndinatsala pa benchi ndi kandalama kanga kopindapinda m'manja. Pobwerera, tili pagulu la anthu mumsewu, ndinalankhula mokweza dala kuti, "Kodi ine ndinakwatiwa ndi mwamuna kapena ndi pampu ya njinga?" Anthu anaseka. Abambo a Shukurani anangozyolika, n'kufulumiza mwendo.

Mwezi usanathe anagulitsa zipangizo zawo zonse, anagulitsa mbuzi, n'kulipira munthu wina wodutsitsa anthu njira ya ku Mozambique. Tsiku lonyamuka anawagwira ana pamutu, n'kunditembenukira.

"Ndikupita kuti mtima wanu ukhale pansi."

Amayi anzanga, ine tsiku limenelo ndinasangalala. Ndinayenda msika wonse ndikulengeza.

Kumeneko anapeza ganyu yotsuka magalimoto. Munthu wa mphumu, tsiku lonse manja m'madzi ozizira, pogona m'kachisakasa ka malata. Komabe ankatumiza. Ndipo akatumiza ankaimba foni n'kunena kuti, "Iyi mudye ndi ana. Koma inayi musaikhudze, ndi yobwerera. Kuno ndikasunga andibera. Zikadzavuta ndidzakuuzani, mudzanditumizire ndikwere basi." Ine ndinkati, "Musadandaule, ili bwinobwino." Miyezi yoyambirira inalidi bwinobwino.

Kenako unakwana ukwati wa mng'ono wanga. Tsopano nanenso ndinali mkazi wa ku Joni, ndipo tsiku limenelo ndinali nditalidikira zaka. Ndinapita kwa ejenti wa ndalama za pa foni, ndinatapa ndalama yobwerera ija yonse. Ina ndinamutseka nayo pakamwa wakatapila, poti anali atayamba kundichititsa manyazi pamsika. Ina ndinasoketsera diresi. Yotsalayo ndinaisinthitsa kuti ikhale timapepala tatsopano tambirimbiri. Mumtima ndinkati ndidzabweza mwezi wamawa, sadzadziwa. Wapamaiki atangoitana, ndinali woyamba kudzuka. Ndinavina, ndinafupa, ndalama zikugwera m'beseni ndi pansi pomwe, anthu akukuwa kuti, "Amake Shukurani awo!" Maso anga sanali pa mkwatibwi. Anali pa Patuma, kufuna kuona ngati akundiona. Nyimbo isanathe, m'manja munali mutayera.

Apa ndipita pang'onopang'ono, mundipirire.

Nyengo yozizira itafika, foni inalira masana ndikupeta mpunga pakhonde. Mawu a abambo a Shukurani sindinawazindikire msanga. Ankalankhula liwu limodzi, n'kupuma, liwu lina, n'kupuma.

"Amake Shukurani... chifuwa chandigwira. Ntchito andiimitsa. Kuchipatala ndikuopa, mapepala ndilibe. Tumizani ija. Ndibwere kumudzi."

Lichero linandipulumuka. Koma pakamwa panga panatuluka bodza ngati linali lokonzeratu. Ndinati, "Chabwino, nditumiza mawa. Lero netiweki ikuvuta."

Mawa lake ndinati ejenti watseka, wapita kumaliro.

Ndinathamangira kwa wakatapila, anandikaniza, akuti ndimalize kaye yakale. Ndinapeza bambo wina wa malo ogona alendo amene ankafuna masofa. Anabwera kunyumba, anawakhalapo, anavomera mtengo, ndalama ali nayo m'thumba, ngolo yonyamulira ili pamsewu. Ndalama imeneyo ikanakwana yokwerera basi. Koma nditasuzumira panja ndinaona Patuma ndi amayi ena atakhala pakhonde lake akulukana tsitsi. Ndinaganiza kuti masofa akamatuluka dzuwa likuswa mtengo chonchi, anthu awa anena chiyani? Ati wa ku Joni uja wagwa. Ndinamuuza bamboyo kuti, "Pepani achimwene, lero sizitheka, mubwere Lolemba m'mamawa."

Lolemba. Mwamuna wanga akubanika kudziko la eni, ine ndikuti Lolemba.

Ndipo sindinauze munthu aliyense. Patuma anali pompo, mwamuna wake ali mumzinda womwewo ndi abambo a Shukurani. Apongozi anga, amayi awo, anali ku Ngokwe ndi mbuzi zawo. Ndikanangotsegula pakamwa n'kunena kuti ndalama ndinadya, ndithandizeni, bwenzi lero ndikunena nkhani ina. Koma ndinasankha kuti anthu aziona ngati zonse zili bwino.

Abambo a Shukurani anaimbanso kachitatu. Sanapereke ngakhale moni.

"Amake Shukurani, ndalamayo ilipo?"

Ndinati, "Ilipo."

Ndinkangomva mpweya wawo ukulira ngati wenzulo. Kenako anati, "Chabwino. Ana muwapatse moni." Anadula.

Lolemba lija lisanafike, m'mamawa ndikusesa pabwalo, ndinaona Patuma akubwera chothamanga, kumutu alibe duku, foni ili m'manja. Anangondiika foniyo kukhutu. Anali mwamuna wake.

"Alamu, limbani mtima. Che Twaibu atisiya."

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Mwamuna wa Patuma anapitiriza kuti abale a ku mzikiti asonkhana, awaika m'manda tsiku lomwe anamwaliralo, poti yonyamulira thupi kubwera nalo kumudzi panalibe. Kenako ananena mawu amene mpaka lero amandidzutsa.

"Koma alamu, bwanji simunatiuze? Ife tinkawafunsa kuti tisonkhe akwere basi, iwo ankakana. Ankati musavutike, akazi anga anasunga, ndalama ili m'njira."

Mwamva? Abambo a Shukurani ankadziwa kuti ndikunama, ndinamva ndekha m'mawu awo omaliza aja. Koma pamaso pa anzawo anandiphimba mpaka kufa. Munthu amene ndinamunena pagulu kuti ndi pampu ya njinga.

Tinalira maliro opanda thupi. Anthu anatulutsa masofa aja panja kuti akuluakulu akhalepo, masana, aliyense akuona, ndipo palibe amene anawayang'ana kawiri. Apongozi anga atafika kuchokera ku Ngokwe anthu anawalozera sofa, iwo anakana, anakhala pansi pa dothi. Sadaka ya maliro itatha, anthu atabalalika, anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Amake Shukurani, mwana wanga anandiuza kuti ndalama yobwerera anasungitsa kwa inu. Inachedwa pati?"

Ndikanatha kunamanso. Netiweki inalipo yoti n'kuinamizira. Koma bodza linali litandithera. Ndinagwada, ndinanena zonse: za ukwati, za beseni, za wamasofa amene ndinamubweza. Ndinkayembekezera kuti andimenya, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Iwo anangoyang'ana pansi.

"Mwana wanga sindinamuone nkhope. Manda ake sindidzawadziwa. Kukutembererani sindingathe, mukulera adzukulu anga. Koma pakhomo panga musafikepo msanga. Mtima wanga sunakonzeke."

Anamanga kathumba kawo n'kumapita.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Wakatapila analanda dimba. Masofa ndinagulitsa motchipa, foni yatachi inapita, nsalu za yunifomu zija ndinaziyala pamsika, anthu akuzigula ngati zigamba. Ku Nsanama sindinathe kukhalako. Njira ya kumsika inkadutsa pa mtengo wa mango uja, pomwe tsopano pankakhala munthu wina akukonza njinga, ndipo Zione nthawi zonse ankasuzumira ngati aona abambo ake. Ndinatenga ana n'kubwera kuno kwa azakhali anga. Mpamba wa beseni loyamba la tomato anandipatsa ndi Patuma, yemwe uja ndinkamuchitira kaduka. Anati, "Achemwali, mudzabweza mukadzapeza." Pondiperekeza anandiuzanso kuti mwana wake womaliza amathawa bambo ake akabwera, amawayesa mlendo. Zaka zonse zija ndinkawerenga katundu wa m'nyumba mwake, sindinamufunsepo kuti mnzanga ukukhala bwanji.

Tsono mmene ndinadzukira si zozizwitsa ayi. Ndi tizinthu ting'onoting'ono, ndipo tina timawawa.

Chovuta kwambiri chinali kuphunzira liwu limodzi lokha: ndilibe. Nditangokhazikika kuno, mayi wina anabwera pa benchi langa ndi nsalu ya yunifomu ya ukwati wa mwana wa mnansi wathu. Manja anayamba kale kufufuza pa mfundo ya chitenje pomwe panali mpamba. Koma ndinati, "Ndilibe, ndibwera ndi yomwe ndili nayo." Zinali ngati ndikuulula ufiti. Mayiyo anangoti, "Chabwino," n'kupita pa benchi lina. Basi. Kumwamba sikunagwe. Ndinapita ku ukwatiwo ndi chitenje chakale, ndinathandiza kuphika, ndinadya, ndinabwerera. Anthu amene timawaopa kuti atinena ali ndi mavuto awo, sakhala n'kumatiganizira.

Ndalama ndikaweruka ndimaigawa pomwepo ndisanafike kunyumba: ya mpamba, ya chakudya, ndi ina yosakhudza, ngakhale ichepe bwanji. Yosakhudzayo sindisunga ndekha. Ine ndimadzidziwa. N'chifukwa chake ndinalowa gulu lino, kumene bokosi lili ndi maloko ndipo makiyi ali ndi anthu ena. Ena amadandaula kuti ndalama yako yomwe uzichita kupempha. Ine chimenecho ndiye chimandisangalatsa, chifukwa tsiku limene mtima wapenga, ndalama siili pafupi.

Ndikasirira chinthu pamsika, sindigula tsiku lomwelo. Ndimadikira tsiku la msika lotsatira, ndipo m'masiku amenewo ndimadzifunsa kuti, kodi ndikufuna andione nacho ndani? Nkhope ya munthu ikangobwera m'mutu, ndimadziwa kuti chinthucho si changa, ndikugulira maso a munthu ameneyo. Ndimachisiya. Koma ikabwera nsapato yong'ambika ya Shukurani kapena denga lodontha, ndimagula osadandaula.

Ndipo musamabise. Ngati mwadya ndalama imene munthu anakusungitsani, kanenereni lero, mawa kusanache. Manyazi a tsiku limodzi amapola. Ine ndinathawa manyazi a tsiku limodzi, ndinasenza a moyo wonse.

Musaganize kuti kaduka kanandithera. Iyayi. Pa siteji pano zimadutsa galimoto zochokera ku Joni, ngolo kumbuyo itadzaza mafiriji ndi matiresi, ndipo pamtima pamandilasabe ngati kale. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimakazindikira kakamabwera. Mnzanga akavala chokongola ndimamuuza mokweza kuti, "Yakukhalatu imeneyi!" Ndaona kuti ukayamikira ndi pakamwa, chotupa cha mumtima chimaphwa. Kaduka kamakula ukamakabisa.

Pang'onopang'ono ndinabweza mpamba wa Patuma. Ndinagula mbuzi, zili kwa azakhali. Ana ali pasukulu. Nyumba yomwe ndikuchita lendi ilibe mpando, alendo amakhala pamphasa, ndipo palibe amene anabwererapo pakhomo chifukwa cha zimenezo. Choncho lero mukalandira zanu, musanakwere minibasi, khalani kaye pansi muganize za munthu amene tsiku lina adzakuimbireni foni akubanika.

Ana ndinkawatumiza ku Ngokwe pa tchuthi chilichonse, koma ine sindinkapondako, monga anandiuzira apongozi. Zaka zinadutsa choncho. Dzinja lapitali, m'mamawa ndikuyala tomato, kunabwera uthenga woti apongozi adwala kwambiri, sakudya, sakudzuka, ndipo pakhomopo palibe amene ali ndi ndalama ya galimoto. Apampando akukumbukira, ndinawapeza akutsuka mbale. Ndinawafotokozera, anaitana osunga makiyi, bokosi linatsegulidwa. Tomato ndinamusiya pa benchi. Ndinapeza galimoto, tinavutika ndi matope njira yonse, koma tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe apongozi anali pa bedi kuchipatala ku Liwonde, dripi ili pamkono.

Ndinakhala nawo monga wodwazika. Masiku oyamba sankandizindikira. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa nsalu zawo, ndikuopa kuti akadzatsegula maso adzandithamangitsa. Tsiku lina m'mawa ndikuwamwetsa phala, anasiya kumeza n'kundiyang'anitsitsa. Ndinaimitsa supuni m'malere.

"Ndinu amake Shukurani?"

"Ndine, amayi."

"Anakuuzani liti kuti ndadwala?"

"Tsiku lomwe ndinabweralo."

Anatseka maso. Ndinkaganiza kuti agonanso. Kenako dzanja lawo linafufuza pa bulangete mpaka linapeza langa.

"Mwabwera msanga," anatero.

Ndinamaliza kuwamwetsa phala, ndinawapukuta pakamwa, ndinawafunditsa. Kenako ndinatuluka panja, kuseri kwa wodi kumene odwazika amayanika zovala, ndinalira mmene sindinalirire ngakhale pa maliro. Apongozi anachira, ali kwawo, ndipo pakhomo pawo tsopano ndimafika. Koma amene anandipempha yekha ndi mawu ake kuti ndifulumire, ali m'manda amene sindidzawaona, ndipo kwa iyeyo sindidzafika msanga mpaka kalekale.